Chule wa ku Kihansi ndi chikanda cha m'beseni lanu: chili pafupi kutha n'chiti?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chawama: "Ine ndimaphika chikanda n'kumagulitsa, ndipo ndi chimene chaphunzitsa ana anga. Masiku ano ndikapita kukaoda ku msika wa Soweto ndimapeza ting'onoting'ono ngati nshawa, mtengo uli m'mwamba, ogulitsa akuti kumene ankakumba kale kunatha. Mwana wanga wa Giredi 11 anandionetsa pa foni chule wina wa ku Tanzania amene anamukweza ndege kupita naye ku America kuti asathe. Ndiye ndikufunsa, pakati pa chule ameneyo ndi chikanda, chili pafupi kutha n'chiti? Nanga bwanji ndalama zonsezo zinapita kwa chule wosadyedwa, kusiya chinthu chodyetsa mabanja?"

Zikomo Amayi, mwafunsa funso limene ifenso ogwira ntchito ya zomera ndi madambo timakangana nalo tikakhala patokha. Tikatsata mabuku a owerenga zamoyo, chule ndiye ali pakamwa pa manda. Koma mukandifunsa chimene chimandisowetsa tulo, ndinena chikanda, timbatata tija ta maluwa akutchire, chifukwa chule uja ali ndi dzina, ali ndi omuwerenga, ali ndi omulera, pamene chikanda chikutha mwakachetechete, ndipo mitundu ina ikhoza kutha psiti tisanaidziwe n'komwe. Ndiyambe ndi chuleyo kuti muone pamene ndikuchokera.

Dzina lake m'mabuku a sayansi ndi Nectophrynoides asperginis, koma ambiri timangoti chule wa ku Kihansi. Ndi wachikasu, wamng'ono kwambiri moti wamkazi wamkulu safika masentimita 3. Pa dziko lonse lapansi ankapezeka malo amodzi okha, m'munsi mwa mathithi a mtsinje wa Kihansi, m'mapiri a Udzungwa ku Tanzania, pa malo a mahekitala 2. Taganizirani, munda wa chimanga wa banja limodzi ku Katete ndiwo unali dziko lonse la mtundu wathunthu wa chamoyo. Ngati munafikapo ku Livingstone pa Mosi-oa-Tunya, mukukumbukira mmene munthu amanyowera ngakhale kumwamba kuli ngwee, ndi kankhalango kobiriwira kamene kali moyang'anizana ndi mathithi, kamene kamamwa madzi owaza okhaokhawo. Ku Kihansi kunali kotero. Madzi akagwa ankadzutsa nkhungu yozizira usiku ndi usana, chaka chonse, udzu ndi ndere zili chinyowere, ndipo m'menemo ndimo munali kwawo kwa chuleyu. Saikira mazira m'chithaphwi ngati achule amene amatisokosa m'ngalande mvula ikagwa. Kwa iye kulibe mbululu zosambira. Mazira amaswera m'mimba mwa mayi, ndipo amabereka tiana tathunthu, tamiyendo kale.

Asayansi anamupeza mu 1996, ntchito yomanga damu la magetsi kumtunda kwa mathithiwo itayamba kale ndi ngongole ya World Bank. Pofika chaka cha 2000 madzi anali atapatutsidwira ku makina, ndipo ogwa pa mathithi anachepa ndi magawo pafupifupi 90 pa 100. Nkhungu ija inangoti zii. Udzu wa m'chinyontho unayamba kuuma, zomera za malo ouma n'kulowerera. Akuluakulu anati chule anadabwa m'madzi muli mwake, koma uyu anadabwa chifukwa madziwo anamuchokera iye ali pakhomo. Pano ndisaweruze anzathu a ku Tanzania. Ife a mu Lusaka tinaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mmene mafiriji anasungunukira, ometa ndi owotcherera zitsulo atangogwira m'chiuno tsiku lonse. Dziko lofuna magetsi silikhala likufuna zoipa.

Ataona kuti zinthu zaipa, anachita ziwiri. Anayala mipope yowaza madzi m'chigwamo kuti ilowe m'malo mwa nkhungu ya mathithi, ndipo kumapeto kwa 2000 anatenga achule 499 kupita nawo ku Bronx Zoo mu mzinda wa New York, ena n'kugawidwa ku malo ena osungira nyama monga Toledo Zoo. Imeneyo ndiyo ndege imene mwana wanu anakuonetsani. Mipope ija inathandiza ndithu, moti pakati pa 2003 achule a m'chigwa anali atafika cha m'ma 20,000. Kenaka m'miyezi yochepa chabe anagwa ngati nkhuku za chitopa. Omaliza anaoneka mu 2004, ndipo mu 2009 bungwe la IUCN, limene limasunga mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi, linalemba kuti kutchire chuleyu kulibenso, watsala m'manja mwa anthu basi.

Chinawamaliza n'chiyani? Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi a zinthu ziwiri. Timati nkhungu ponena ija yoyera ya m'mapiri m'mamawa, timatinso nkhungu ponena ija yomera pa buledi wogonera kapena pa chimanga chosauma bwino. Chule wa ku Kihansi ankakhala ndi moyo chifukwa cha nkhungu yoyambayo, ndipo anaphedwa ndi yachiwiriyo. Pali mtundu wa nkhungu yosaoneka ndi maso wotchedwa chytrid, umene umamera pa khungu la achule. Chule samwa madzi ndi pakamwa ngati ife, amamwera pakhungu, ndipo amapumiranso pomwepo. Khungu likagwidwa ndi matendawa limakhuthala, mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kuima. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti nthenda imeneyi yachepetsa mitundu 501 ya achule ndi abale awo pa dziko lonse, ndipo 90 mwa imeneyi akuiganizira kuti inatheratu. Ku Kihansi inapeza achule atapanikizana kale pa timalo tochepa tonyowetsedwa ndi mipope, ndiye sinavutike.

Ku America nakonso sizinayende myaa. Poyamba ankafa kwambiri mpaka anatsala osakwana 100, osunga aja asanaphunzire kuwala, madzi ndi tizilombo timene achulewa amafuna. Atazidziwa, anaswana mpaka masauzande. Mu 2010 achule 100 anabwezedwa ku Tanzania, ku nyumba yowasungira pa University of Dar es Salaam, ndipo mu 2012 anayamba kuwamasula m'chigwa cha Kihansi. Koma kwawo kuja sikunabwerere mwakale. Nkhungu imene amakhalamo lero ndi ya m'mipope, yofuna munthu woiyang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo pa mndandanda uja akadali m'gulu la zamoyo zotha kutchire.

Tsopano tibwere m'beseni lanu, ndipo pano ndichedwapo.

Choyamba, kuyerekeza kwathuku n'kopendekeka, chifukwa chule uja ndi mtundu umodzi pamene chikanda ndi khamu. Dzina limodzili likuphimba mitundu yambiri ya maluwa akutchire a m'banja la orchid, omera pansi m'madambo ndi m'mapiri a udzu, makamaka a m'magulu otchedwa Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Ku Malawi ena amati chinaka. Inu mumasiyanitsa ndi maso ndi chala: ichi ndi myala cholimba gwa chimene chimagwira bwino mumphika, ichi ndi mbwelenge chongowonjezera, ichi chachokera ku Mwinilunga, ichi ku Sumbawanga. Nzeru imeneyo ndi yeniyeni ndipo ine ndilibe. Koma kambatata kakachotsedwa ku duwa lake, ngakhale katswiri wa zomera sangakuuzeni kuti ndi ka mtundu uti. Ofufuza atatenga chikanda cha m'misika ya muno mu Zambia n'kuchiyeza ndi DNA, chizindikiro cha m'thupi chosiyanitsa mtundu uliwonse wa chamoyo, zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa mitundu yosachepera 16. Ina mwa mitundu ya orchid imamera malo ambiri, kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique. Ina imamera pa phiri limodzi kapena awiri, monga mmene chule uja ankakhalira m'chigwa chimodzi. Wokumba sasankha, thumba silisankha, mtondo susankha. Choncho m'beseni limodzi mukhoza kukhala mtundu wochuluka ngati chisoso, ndi wina wosowa ngati chule wa ku Kihansi, zonse pa mtengo umodzi.

Chachiwiri ndi mmene chomerachi chimakhalira ndi moyo. Mukachizula m'dzinja mumapeza timbatata tiwiri: kakale kofota, kamene kadyetsa tsinde ndi duwa la chaka chino, ndi katsopano konenepa, kamene ndi nkhokwe ya chaka chamawa. Chilimwe chikafika masamba amauma, moto umadutsa, koma moyo wonse uli m'katsopanoko pansi pa nthaka, kudikira mvula. Kamene timadya ndi komweko. Tikathyola masuku mtengo umatsala, tikazula bowa wa chaka chamawa adzamerabe, koma tikakumba chikanda tatenga chomera chonse. N'chimodzimodzi kukazinga chimanga cha mbewu.

Mwina munganene kuti si chili ndi njere? Chili nazo, masauzande m'kachibalobalo kamodzi, koma n'zazing'ono ngati fumbi ndipo zilibe kamba. Njere ya nyemba imabadwa ndi chakudya chake, n'chifukwa chake imamera ngakhale pa thonje lonyowa m'kalasi. Ya orchid iyenera kugwera pamene pali mtundu woyenera wa nkhungu ya m'nthaka, m'bale wake wa bowa, imene imalowa m'njeremo n'kuiyamwitsa mpaka itatulutsa tsamba loyamba. Ikapanda kukumana nayo, yafa. Mwa masauzande aja zimapulumuka zowerengeka, ndipo zimatenga zaka kuti zifike pochita maluwa. Mwaona mmene nkhani ziwirizi zakumanira? Nkhungu imene kwa chule ndi mfiti, m'bale wake kwa chikanda ndi mzamba. Ichi ndicho chifukwa chake simungagule paketi ya mbewu ya chikanda kwa ogulitsa mbewu n'kukafesa kudimba ngati repu. Ndichonso chifukwa chake ndege siingachipulumutse. Achule 499 anakwana m'mabokosi. Chikanda kuti muchisamutse muyenera kunyamula dambo lonse, ndi nthaka yake, ndi madzi ake a m'dzinja, ndi tizilombo timene timanyamula mungu wa maluwa ake. Asayansi a ku Kew, malo ofufuzira zomera ku London, pamodzi ndi a pa Copperbelt University anayesa kumeretsa njerezi m'mabotolo, ndipo ntchito imeneyo ndimailemekeza kwambiri, koma kuchoka pa botolo kufika pa thumba lodzaza la ku Soweto ndi ulendo wautali.

Ting'onoting'ono timene mukudandaula nato ndi uthenga wochokera kudambo. Zikuluzikulu zikatha, okumba amatola zana zimene sizinachitepo maluwa. Malo apafupi akatha, amapita kutali. Kale chikanda chinali ndiwo ya kumudzi kumpoto kwa dziko lino, makamaka pakati pa Abemba, chokumbidwa pang'ono podyera pakhomo. Chitalowa m'tauni n'kukhala chokondedwa pa maukwati, pa makitchen party, pa masiteshoni a basi ndi m'mashopu akuluakulu, madambo athu sanakwanitse. Amalonda anayamba kuwoloka malire, ku Tanzania, ku Congo, ku Angola, ku Malawi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2003 anayerekeza kuti timbatata pakati pa mamiliyoni 2.2 ndi 4.1 tinkachoka m'mapiri a kum'mwera kwa Tanzania chaka chilichonse kubwera ku Zambia, kudzera ku Tunduma ndi Nakonde, ndipo mitundu yofika 85 inali pangozi. Kambatata kalikonse pa chiwerengero chimenecho ndi chomera chimodzi chakufa. Zimenezi zinathandiza kuti mu 2005 boma la Tanzania likhazikitse Kitulo National Park, malo okwera a udzu amene eni ake amawatcha Bustani ya Mungu, kutanthauza munda wa Mulungu, kumene kuli mitundu 45 ya orchid zomera pansi. Malo osungira zachilengedwe ambiri mu Africa anakhazikitsidwa chifukwa cha njovu ndi mikango. Amenewa anakhazikitsidwa chifukwa cha maluwa, ndipo njala ya chikanda ya ife a ku Lusaka ndi ku Copperbelt ili m'gulu la zimene zinkaopseza maluwawo.

Khasu la wokumba si mdani yekhayo. Madambo tikuwakumbira ngalande kuti tilime madimba, tikuwadyetsa ng'ombe mopitirira, ndipo muno m'tauni tikuwathira zinyalala ndi miyala n'kumangapo nyumba. Dambo likauma chikanda chapita, ndi achule omwe, chifukwa awiriwa kwathu kuno ndi apaneba. Ine ndinakulira pafupi ndi kadambo kena kum'mawa kwa mzinda uno kumene mu Januwale tinkaona maluwa ofiirira ndi oyera ataima m'udzu, usiku achule osatigonetsa. Lero pali mipanda ya njerwa, ndipo mvula ikagwa madzi amalowa m'nyumba za anthu kufunafuna kwawo kwakale.

Pa ziwerengero za dziko lonse magulu awiriwa akuyenda limodzi. Kalembera wa 2023 anapeza kuti mitundu 41 pa 100 iliyonse ya achule ndi abale awo ili pangozi yotha, ndipo lipoti la Kew la 2020 linati zomera ziwiri pa zisanu zilizonse zili chimodzimodzi. Ngakhale pa malamulo onse awiri ndi otetezedwa. Pangano la mayiko la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, limene Zambia ndi Tanzania anasaina, linaika achule a mtundu wa ku Kihansi pa mndandanda woyamba, woletsa malonda, ndipo orchid zathuzi zili pa wachiwiri, wofuna chilolezo powolotsa malire. Koma matumba ambiri a chikanda amawoloka ngati mbatata wamba, popanda pepala, popanda wowerenga.

Za ndalama zija, mtima wanu ndikuumva, ndipo sindikuuzani kuti mwalakwa. Chule anapeza thandizo chifukwa vuto lake linali ndi mwini. Panali chigwa chimodzi, damu limodzi, boma limodzi ndi banki imodzi yobwereketsa ndalama, imene malamulo ake omwe ankaikakamiza kukonza zimene ntchito yake yawononga. Munthu ankatha kuloza chala n'kunena kuti inu, lipirani. Chikanda chikutha ndi makasu masauzande m'mayiko asanu kapena kuposa, ndipo ambiri ogwira makasuwo ndi amayi ndi ana a kumidzi, ena amasiye, ofuna sopo ndi ndalama ya sukulu. Mungaloze ndani? Ine sindingaloze iwo, sindingalozenso inu. Komanso musaone ngati chule uja anachita mwayi. Ndalama zimene zamuthera ndi za kuchipatala, zolipira mochedwa, ndipo patha zaka zoposa makumi awiri asanatuluke m'chipatalamo. Chikanda chikadali ndi chinthu chimene iye anataya: kwawo kukadalipo m'malo ambiri, ku Serenje, ku Mporokoso, ku Mwinilunga, ku Nyika, ndipo dambo lopumitsidwa zomera zina zikadalimo limatha kudzibwezera lokha popanda mpope kapena ndege. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kwacha imodzi yoikidwa pa kusunga madambo amenewa lero idzagwira ntchito imene mazana adzalephera mawa. Ndimakhulupiriranso kuti kuletsa chikanda ndi lamulo sikungathandize. Kungangosandutsa amayi ngati inu akuba, malonda n'kumapitirira usiku.

Chimene chingathandize chili kumene amakumba, ndipo si chachilendo kwa makolo athu. Maluwa ambiri a chikanda amatuluka m'dzinja, ndipo njere zimakhwima n'kuuluka mvula ikamatha. Wokumba maluwa ali chiimire wapha mayi ndi ana omwe. Wodikira mpaka zibalobalo zitauma n'kusweka wasiya fumbi lija m'dambo. Kusiya zing'onozing'ono, kusakumba dambo lonse mbee, kukwirira maenje, kugawa dambo kuti chigawo china chipume zaka zingapo pamene china chikukumbidwa, zonsezi mfumu ndi anthu ake akhoza kugwirizana pansi pa mtengo, monga amachitira ndi nyengo ya finkubala kumpoto kapena yotseka usodzi. Boma ndi mabungwe akafuna kuikapo ndalama, aziike pamenepo, ndi pa kafukufuku wa kalimidwe kake.

Inu muli kumapeto kwa msewu, koma mawu a wogula amabwerera mpaka kudambo. Wogulitsa wa ku Soweto amauza wa ku Nakonde chimene chikuyenda malonda, wa ku Nakonde amauza wokumba. Amayi ophika chikanda a ku Chawama, ku Kanyama, ku Matero ndi ku Mtendere mukakhala pa chilimba chanu n'kugwirizana kuti ting'onoting'ono ngati nshawa simugula, ndiponso kuti chofewa chokumbidwa maluwa asanaume simuchifuna, uthengawo udzafika msanga kuposa kalata ya ofesi iliyonse. Ndikudziwa kuti tsiku limene m'thumba muli zochepa, totchipa tomweto ndito timakopa, ndiye sindikunena ngati chinthu chopepuka. Yambani ndi kufunsa. Loweruka likudzali mukakaima pa thumba, mufunse kuti lachokera dera liti ndipo linakumbidwa mwezi uti, ndipo mwana wanu wa Giredi 11 azilemba mayankhowo m'kope, pamodzi ndi mtengo wa tsikulo ndi kukula kwa timbatata khumi totola mwachisawawa. Akachita zimenezi chaka chathunthu, apite nalo kopelo kwa aphunzitsi a zomera ku yunivesite ya UNZA pa Great East Road, chifukwa chiwerengero chotere cha msika wa Soweto ndi chimene ife ofufuza timachisowa kwambiri.